Matabwa a Benard Namaona

A Benard Namaona anapala matabwa pa esiteti zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo theka la anthu amene ali kumanda akuseri kwa fakitale agona m'mabokosi okhoma iwowo. Onsewo a bulugamu. Koma a Namaonawo bulugamuyo ankamunyoza koopsa.

"Nkhuni zowotchera tiyi izi," ankatero. "Ine sindidzalowamo. Ine ndidzagona mu mbawa."

Mbawayo inalipodi, kutsidya ku Mozambique, pamunda umene bambo awo anausiya pobwera kudzathyola tiyi. Atapuma pantchito anapita komweko, nagwetsa mtengowo, nachekesa matabwa khumi ndi awiri. Apa ndiye nzeru za pa esiteti zinawapweteka. Moyo wawo wonse thabwa linkatuluka pageti ndi kapepala kamodzi basi, geti pasi, kosainidwa ndi mwini katundu. Ndiye anang'amba pepala m'kope nalemba okha: matabwa 12, mbawa, mwini wake wavomera. Msuweni wawo wolima mundawo anadinda chala. Mkulu uja jekete phaa, matabwa pa lole ya nandolo, ulendo wa kumalire.

Pachipata anapeza mtsikana wa yunifolomu, Suwi, wa kumpoto uko, waulemu mpaka kukwiyitsa.

"Agogo, ichi n'chiyani?"

"Geti pasi, mayi. Kusukulu munkakatani?"

"Ndawerenga, agogo. Koma pakufunika chilolezo cha a zankhalango a kutsidyaku chotulutsira matabwa, china cha kuno cholowetsera, ndi chikalata chonena kuti mulibe tizilombo."

"Tizilombo! Ine ndinayamba kununkhiza fumbwe m'thabwa inu musanabadwe. Mtengo wa bambo anga ufune pasipoti?"

"Ngakhale bambo anuwo lero akanaifuna," anatero Suwi, maso pansi.

Matabwa anawatsitsira kuseri kwa ofesi, kuti adikire mapepala.

Pepala la kuno a Namaona analipeza ku Blantyre atayendera miyezi itatu. Atawoloka kukafuna la kutsidya, bwana wa kumeneko anawauza kuti chilolezo chodulira chimatengedwa mtengo usanagwe.

"Ndiye ndikaudzutse?" anafunsa.

Bwanayo sanaseke. Anawatuma ku ofesi ina, ya kumeneko inawatuma kwina. Pamene pepala la Chipwitikizi limatuluka, la ku Blantyre lija linali litatha mphamvu. Yambaninso, agogo.

Akazi awo a Anesi anayesa kuwaletsa. "Bambo inu, anthu amathawa bokosi, inu mukulithamangira. Taonani miyendo yatupa."

"Iwe ukufuna ndikagone mu nkhuni?"

"Wakufa samva fungo la thabwa."

Sanamve. Ulendo womaliza anabwerako pa kabaza, chiperoni chikuwomba, jekete itanyowa. Chifuwa chinawagwira, sabata ziwiri basi, anatisiya.

Bokosi tinakagula ku Luchenza. Bulugamu, wauwisi, misomali yopindika, chivundikiro chosakhala bwino. Akanaliona akanamutukwana kalipentalayo mpaka agogo ake. Ife onyamula tinkangoyang'anana.

Matabwa aja akadali kuseri kwa ofesi, dzuwa ndi mvula zikusinthana. Apindika ngati nthochi. Anthu odikira mapepala awo amakhalapo, ndipo amati ndi benchi yabwino, yosabaya.

Geti pasi ija a Anesi anaipinda naiika m'thumba la jekete tisanatseke bokosi.

"Atenge," anatero. "Mwina kumene akupitako amalandira."