Khadi la Inshuwalansi la Mayi Kamwendo

Mayi Fyness Kamwendo anafika ku Hull, mzinda wa kutsidya la nyanja, zaka zitatu zapitazo kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndi munthu wodekha, wosachedwa pa basi ya m'mawa, ndiponso wosazolowera kufunsa mafunso kwa akuluakulu.

M'chaka chawo chachiwiri, eni nyumba ya okalamba imene ankagwirako ntchito anawalembetsa pa inshuwalansi ya chipatala cholipira. Bwana wawo, a Daphne, anawapatsa khadi lake, iwo nalilandira ndi manja awiri atapinda mawondo, monga anaphunzirira ku Ntcheu. Atafunsidwa ngati angakonde kuwonjezerapo amuna awo ndi ana, anavomera, pakuti kwawo mphatso saikana ndipo saifunsa mtengo. Khadilo analisunga m'Baibulo. Sanaligwiritsepo ntchito, poopa kuoneka adyera.

Kenaka kunabwera kalata yochokera ku ofesi ya msonkho. Lamulo la kuno limawerengera inshuwalansi yotere ngati gawo la malipiro, motero imakhala ndi msonkho wake. Wa chaka chathacho unali usanadulidwe, ndipo tsopano unayenera kuchotsedwa pamalipiro mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi wa chaka chino. Ndalama yake inali pafupifupi yomwe ankatumiza kumudzi yogulira mankhwala a shuga a bambo awo.

Pa nthawi ya tiyi anaonetsa kalatayo kwa a Lubinda, mnzawo wa ku Zambia.

"Ndiye mukulipirira khadi logona mu Masalimo, amayi?" anaseka a Lubinda. "Kalibwezeni basi."

"Achimwene, a Daphne ndi amene amasainira za viza yanga yogwirira ntchito kuno, ndipo ikutha mu Okutobala. Ndikawabwezera mphatso m'manja, sadzati ndine wosayamika?"

"Nanga mankhwala a madala adzagula ndani? Ulemu wanuwo?"

Mayi Kamwendo anasinkhasinkha masiku anayi. Lachisanu anakazinga mandasi, nakagogoda pa ofesi ya bwana. Anayamba ndi kuthokoza: za ntchito, za yunifomu, za tchuthi chimene anapatsidwa pa maliro a mlamu wawo. Pamene zothokozazo zinkachuluka, nkhope ya a Daphne inagwa.

"Fyness, kodi mukutisiya?"

"Ayi, bwana. Ndi khadi lokhali. Landilemera."

A Daphne anapumira m'mwamba. Anatulutsa fomu ya tsamba limodzi yosiyira inshuwalansi, nanena kuti antchito ambiri anaikana inshuwalansiyo tsiku lomwe anauzidwa za iyo, ndipo palibe amene anakhumudwa. Mayi Kamwendo atasaina fomuyo, a Daphne anatenga mandasi awiri.

Msonkho wa m'mbuyo sunakhululukidwe. Mayi Kamwendo anaulipira wonse, nagwira ntchito Loweruka lililonse kwa miyezi ingapo kuti mankhwala asaduke ku Ntcheu. Mu Okutobala a Daphne anasainira za viza osanena kanthu za khadi.

Pa Khirisimasi, antchito onse anapatsidwa dengu la mabisiketi ndi tiyi. Mayi Kamwendo analandira lawo ndi manja awiri, atapinda mawondo monga kale. Asanachoke, anafunsa motsitsa mawu ngati dengulo nalonso lili ndi kalata yake yobwera pambuyo.