Mankhwala Sathokoza

Mboni zanga ndi zitatu: mkazi wanga, amene sanama ngakhale pofuna kundipulumutsa, a shehe oyandikana nafe ku Sadzi, amene bodza amalimva fungo, ndi njinga ya alamu anga, yomwe ili kuseri kwa nyumba mpaka lero, yopindika ngati mbedza. Wokayika akaifunse.

Alamuwo, achimwene ake a mkazi wanga, ankatsitsa nkhuni kuphiri pa njinga. Mtolo wawo unkatalika moti mitambo ya ku Mulunguzi inkakodwamo. Ndalumbira, mvula ina ya ku Likangala inafika pa kaliyala. Mabuleki analibe. Ankamanga chidutswa cha tayala kuphazi n'kumakwekwesa phula, ndipo mlongo wawo akamva "khweee" masana, mtima unkakhala pansi.

Chaka chimene anandichita opaleshoni ya m'mimba, adokotala anandilembera makapisozi opha ululu. Ku famase, mayi wa jasi loyera anawerenga kapepala, anawerenganso nkhope yanga, kenako anatulutsa kiyi n'kutsegula kabati yapaderadera. Panado amakhala poyera ngati tomato, koma awa amagona m'chitokosi.

"Bambo, awa si ogawana," anatero. "Akatsala mubweze."

"Mayi, ine ndi mkazi wanga sitigawana ngakhale bulangete."

Sanaseke.

Komatu kwathu mankhwala samana. Ndiponso sathokoza: ukalandira umangotembenuka n'kumapita, ukati zikomo sagwira ntchito. Alamu atabwera kudzandizonda atagwira msana, mkazi wanga anawapatsako. Anameza, anatembenuka, anapita. Mwambo wonse unatsatidwa.

Mawa lake anatsika phiri kambirimbiri, mpaka amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu anayamba kunena kuti ndi mapasa.

Obweza ku famase sanatsale. Alamu anapitako okha, mayi uja anawabweza pakhomo: popanda kapepala ka adokotala, ayi. Ndiye anapeza munthu kuseri kwa msika, wogulitsa makapisozi m'jumbo limodzi ndi mankhwala a makoswe. Dokotala ameneyo safunsa pomwe pakupweteka. Amangofunsa kuti angati.

Alamu anayamba kuonda. Ankadzikanda ngati agona pa chitedze. Ankawodzera pakati pa chiganizo, n'kudzachimaliza Lachinayi. Ife tinkaseka, poyamba.

Tsiku lina m'mawa, kukuzizira chifunga chili mbuu, alamu anafika ali thukuta kamukamu. A shehe anali pakhonde pathu akumwa tiyi.

"Alamu, simunatsale nako kakapisozi kamodzi?" alamuwo anandifunsa.

"Msana wayambanso?" ndinafunsa.

"Msana uli bwino. Kamodzi basi."

Mkazi wanga anali atapeza kamodzi m'thumba la jekete yanga pochapa. Anakatenga. "Achimwene, komaliza aka. Musadzabwerenso ndi nkhani imeneyi."

Analandira ndi manja awiri, maondo atapinda pang'ono. "Zikomo kwambiri, achemwali. Zikomo."

A shehe anaika kapu pansi. Alamu atakankha njinga kulowera kuphiri, iwo anati, "Mwamva, mayi? Munthu amathokoza chakudya. Kwa achimwene anuwa, amenewa si mankhwalanso."

Masana amenewo "khweee" sanamveke. Mkazi wanga anaima pamsewu mpaka mthunzi wa phiri unatiphimba. Njinga inatsika yokha ndi nkhuni zake zonse, inakhota makhona awiri bwinobwino, ndalumbira, n'kukagunda bulugama. Mwini wake anthu anakamupeza kumtunda, m'ngalande. Tulo tinamugwira ali pa chishalo. Chiuno chinathyoka.

Kuchipatala anawabaya jakisoni wa ululu, koma kukuwa sikunaleke. Anamwino anatiitanira pambali.

"Bambowa amamwa chiyani kunyumba? Thupi lawo lazolowera. Mankhwala sakuwagwira."

Mkazi wanga anayang'ana pansi. Ine, amene sindisowa chonena ngakhale pamaliro, ndinayang'ana khoma.

Madzulo kangolo ka mankhwala kanayamba kulira m'khonde, kakali kutali. Alamu anasiya kubuula. Anadzutsa mutu, anatambasula manja onse awiri, anamwino asanalowe n'komwe. Milomo yawo inali itayamba kale kuthokoza.