Maikulosikopu a Amalume Sanalowe M'manda

Ndinadzuka kusanache, mphasa itandidinda mizere patsaya. Amayi a kutchalitchi anali ataimba pamaliro a amalume usiku wonse mpaka mawu kusasa. Panja amuna anali atazinga chitsa cha moto, chifunga chitaphimba mapiri onse a ku Kasakula.

Amalume anali mphunzitsi wa sayansi. Anali ndi maikulosikopu akalekale, a kagalasi kolandirira dzuwa, ndipo ankandionetsa maselo a khungu la anyezi. Kusukulu kwathu kulibe chida chotere, chonsecho mayeso a Fomu 4 ayandikira. Koma amayi aakulu, mlongo wawo wa malemuwo, anali atalamula kale kuti chidacho chilowe m'bokosi.

"Ankachikonda kuposa ife," anatero. "Apite nacho, angamabwere usiku kudzachifuna."

Lamulo la akuluakulu ine sindikanalitsutsa.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena pa njinga zamoto, ena atadzazana mu lole ya fodya. Utsi wa kophikira unadzaza bwalo. Ine anandituma kukapukuta chidacho, ndipo ndinapita nacho kuseri kwa chigafa cha fodya kuti ndikalire ndekha. Kumeneko ndinapeza adzukulu atabwerako kokumba manda, atazungulira chidebe cha mowa wa masese.

Wamkulu wawo, dothi lofiira mpaka m'mawondo, anaviika kaudzu m'chidebemo n'kudonthezera pa kagalasi koikapo zopima.

"Tapima uwu, mwanawe. Wophikayo timamukayikira."

Ndinalozetsa kudzuwa kagalasi kolandirira kuwala kaja n'kupotokola kachitsulo kapambali pang'onopang'ono mpaka panaoneka timipira tambirimbiri, tina tili ndi kamwana pambali. Ndinanong'ona kuti ndi maselo a yisiti, kuti limodzi limatupa mbali ina, kenaka kachotupako kamaduka n'kukhala selo lina. Bamboyo anatsinzina diso limodzi, nasuzumira.

"Anzanga, mowa ukubereka!"

Panapangika mzere. Wina anavindikira chidebe ndi jekete kuti anawo asazizidwe. Wina anagwira mimba yake nati tsopano wadziwa chimene chimaikulitsa. Mkulu wa mpingo anabwera kudzawakalipira chifukwa cha phokoso, koma ndi amene anasuzumira nthawi yaitali kuposa onse.

Nthawi yotseka bokosi itakwana, amayi aakulu anaitanitsa chidacho. Mdzukulu wamkulu uja analowa atachikumbatira ngati khanda.

"Amayi, dzenje takumba la munthu mmodzi. Ichi diso lake likupenyabe, ndipo chopenya ife sitikwirira."

"Nanga akabwera usiku?"

"Muwalozere kwathu. Tili nawo mafunso ambiri."

Azimayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Pamaliro mdzukulu satsutsidwa, choncho bokosi analikhomera chidacho chili kunja.

Tinakwera mtunda wa kumanda mphepo ikutiomba kumaso, oimba patsogolo, ife pambuyo. Dothi loyamba litagunda bokosi ndinalira kwenikweni. Pobwerera, mdzukulu uja anandipatsira chidacho m'manja, chikununkha masese.

Madzulo anthu anabalalika, pabwalo panatsala phulusa ndi mabenchi. M'nyumba munali zii. Amayi aakulu anakhala pampando wa amalume, akuyang'ana chidacho patebulo.

"Chigone kwa iwe, osati kwa ine," anatero. "Ndipo ukachiphimbe kumasoko."

Ndinachiphimba ndi juzi yanga ya sukulu, ine n'kugona ndi chisanu.