Nyumba Yachisanu Imene Ndidabweza ku Boma

Chaka chimene boma lidatumiza ndalama zomangira nyumba anthu osowa pogona, ine ndidali mlembi wa komiti ya chitukuko kwathu ku Lisasadzi. Adandisankha chifukwa ndidagwirapo ukalaliki pa esiteti ya fodya kwa zaka zambiri, ndipo aliyense amadziwa kuti sinditaya pepala. Malisiti a feteleza, timapepala ta ku okushoni, makalata a malire a minda, zonse zili m'sutikesi yachitsulo kuchipinda kwanga. Ena amandiseka. Aseke, koma malire akavuta amabwera kwa ine ndemwe.

Dera lathu lidapatsidwa nyumba zisanu za njerwa zootcha, zofolera malata, pansi pa simenti. Mayi wina wa ku ofesi adabwera pa njinga yamoto ndi mafomu, natiwerengera malamulo atatu pabwalo la sukulu. Wolandira akhale wopanda nyumba yodalirika. Akhale ndi chiphaso cha unzika. Akhalenso ndi kalata yochokera kwa mwini malo, yodindidwa ndi amfumu, yonena kuti pamene padzamangidwe nyumbapo ndi pake. Adati safuna kumanga lero, mawa wina n'kudzati chokani, malo ndi anga.

Mayina oyamba amene komiti idatchula adandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero ndikawawerenga amandipsetsabe. Msungichuma adatchula apongozi ake. Wapampando, mayi wogulitsa tomato pamsika, adatchula mlamu wake. Ndidaika cholembera pansi.

"Amayi apampando, mlamu wanuyo ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Kodi ng'ombezo n'zimene zikusowa pogona?"

"Denga lake likudontha, alembi."

"Langa likudonthanso. Ndidzilembe?"

"Inu mudabadwa mutafumbata pepala m'manja," adatero wapampando. "Anzathu amabadwa akulira, inu munkapempha lisiti."

Anthu adaseka, koma ine sindidasunthike. Ndidanena kuti malamulo atatuwo tiwatsata monga adalembedwera, apo ayi ndikanena ku ofesi. Ndidapambana. Tidasankha agogo ena osaona, mkulu wina wolumala miyendo, mayi wamasiye amene nyumba yake idagwa ndi mvula, ndi mnzathu wina amene moto udamutenthera zonse. Popita kunyumba tsiku limenelo ndinkadzimva kuti ndine munthu.

Pa dzina lachisanu padalibe mkangano. Onse adati ndi mayi aja okhala m'chigafa changa.

Mayiwo adachokera ku Phalombe kalekale ndi amuna awo kudzalima fodya ngati matenanti pa esiteti imene ndinkagwira. Ndine ndidalemba mayina awo m'buku tsiku lofika. Amuna awo adamwalirira komweko. Esiteti itagulitsidwa, mwini watsopano adagwetsa tinyumba ta matenanti, mayiwo n'kutsala panja ndi adzukulu awiri aakazi. Ku Phalombe kudalibenso wowadziwa. Fodya wanga atapita kumsika m'nyengo yozizira, mayiwo adabwera kudzapempha kuti abisale m'chigafa. Chigafa chilibe makoma, ndi mitengo yozika ndi denga la udzu basi, poumitsira fodya. Adamanga masaka ndi tsekera kumapeto kwake n'kupanga kachipinda. Ndidawauza kuti akhale mpaka fodya wina atakhwima, chifukwa akakhwima chigafa chimafunika chonse. Adavomera. Mmawa uliwonse ankathirira nazale yanga kudambo pa ganyu.

Chiphaso adali nacho. Nyumba adalibe, aliyense ankaona. Chidasowa ndi kalata ya malo, ndipo malo amene ankagonapo adali athu.

"Apa nkhani yatha," adatero wapampando. "Alembi, kuseri kwa chigafa chanu kuli kachigawo kaja ka chulu ndi miyala, komwe ngakhale mbuzi zimadutsa zosayang'ana. Lembani kalata, amfumu adinde, mayi alowe m'nyumba mvula isanagwe."

Ndidati ndikaganize kaye ndi abale.

Kwathu malo si a munthu mmodzi. Ndi a mbumba, ndipo ine monga mwinimbumba ndimangowasungira ana a mlongo wanga. Ndidapita kwa mlongo wangayo, ndidamupeza akuswa mtedza wa mbewu pakhonde.

"Chigafa chimagwa chokha, achimwene," adatero. "Nyumba ya njerwa siigwa. Atsikana awiriwo adzakwatiwa pomwepo, amuna awo adzafuna munda, kenako adzafuna manda." Adapitiriza kuswa mtedza, kenaka adaonjeza kuti, "Komabe mayiwo ndi munthu wabwino. Inu ndinu mutu wathu. Mukati apatsidwe, ife tilibe mawu."

Ndalemba mawu akewo monga adawanenera chifukwa kwa zaka ndakhala ndikuuza anthu kuti mlongo wanga adakana. Sadakane. Adanena mantha ake, n'kundisiyira ine. Manthawo ndidali nawo ndisanafike pakhonde pake. Ndidaona malire akudyedwa pang'onopang'ono m'minda ya anzanga, ndipo ndili nawo makalata a milandu yake. Ndinkaopa kudzatchedwa malume amene adagawa nthaka ya ana kwa obwera.

Kalatayo ndidailemba ndithu. Ndidayeza kachigawoko ndi mapazi, ndidalemba kuti kumpoto ndi chulu, kummwera ndi njira ya ngolo. Sindidaisaine, ndipo kwa amfumu sidafike. Ili m'sutikesi.

Mayi wa ku ofesi atabweranso, ndidaimirira n'kunena kuti anthu anayi akwaniritsa malamulo onse, koma wachisanu alibe kalata ya malo.

"Palibe amene angawapatse pomanga?" adafunsa. "Sitikufuna munda, ndi pongoimika nyumba."

Palibe amene adandiyang'ana. Aliyense adayang'ana mapazi ake. Ulemu umenewo udandiwawa kuposa kunditchula. Msungichuma adati ngati zili choncho, bwanji nyumbayo ipite kwa apongozi ake aja, kusiyana n'kuti itayike. Ndidakana mokweza mawu, ndipo ndidali wolondola, chifukwa apongoziwo adali ndi nyumba. Ndimakumbukira mmene ndidakondwerera kupeza chokwiyira tsiku limenelo.

Mayi wa ku ofesi adatipatsa sabata imodzi. Adati kalata ikapanda kupezeka, nyumbayo aipereka kudera lina. Sabata yonseyo ndinkadzera njira ya kumsika popita kudambo kuti ndisadutse pachigafa. Itatha, ndidalemba kalata yobweza nyumba yachisanu, ndi kaboni pansi kuti ndikhale ndi yanga. M'buku la misonkhano ndidalemba kuti, "Palibe wina woyenera amene adapezeka." Dzanja lake ndi langa, loongoka bwino, lopanda pofufuta.

Patapita masiku kudabwera yankho loyamikira komiti yathu chifukwa cha chilungamo. Ndidaliwerenga pamsonkhano mokweza. Nditamaliza, wapampando adayankhula.

"Isungeni bwino kalata imeneyo, alembi. Mvula ikayamba, mayi aja adzafunda yomweyo."

Ndidamuyankha kuti amene ankafuna kulemba mlamu wake asandiphunzitse ine chilungamo. Adangoseka, n'kunyamula dengu lake la tomato. Kunena zoona, iye akadakhala ndi mphamvu yonse, nyumba zisanu zikadamangidwa muno, ina mwina kwa munthu wosayenera. Ine ndi malamulo anga ndidamangitsa zinayi.

Mayi a m'chigafa sadandifunsepo kanthu. Nkhani yonse ankaidziwa, pamudzi sipabisika. Ankandipatsa moni atagwada monga kale, "Mwadzuka bwanji, akalaliki," pakuti ankanditchulabe dzina la ku esiteti. Akadandidandaulira ndikadapeza poyankha. Ndidali nditakonzeratu mayankho ambiri, onse abwino, koma palibe adandipempha.

Mvula idagwa, tidaokera fodya, nyumba zinayi zidatha. Malata ake ankaoneka kuchokera kumsewu. Fodya atayamba kukhwima tidathyola masamba apansi, tidasoka, n'kuyamba kupachika. Ndidauza anthu aganyu kuti ayambire kumapeto kwina, kutali ndi kachipinda ka masaka, ndipo ndinkaona ngati ndachita chifundo. Koma fodya sadikira. Sabata iliyonse mizere ya masamba inkayandikira, ndipo fungo la fodya wamuwisi lidayamba kutsokomoletsa atsikana aja. Mayiwo adasuntha masaka awo kawiri, kachipinda n'kumachepa. Sindidawauze kuti achoke. Ndimakonda kunena zimenezi, ngati kuti zili ndi phindu.

Mmawa wina adabwera pakhomo panga, nagwada chapatali.

"Akalaliki, ku Santhe kwabwera lole ikutenga matenanti, akuti famu yake ili cha ku Mchinji. Koma akuti munthu wamkazi wopanda bambo satenga, pokhapokha pali kalata yonena kuti amaidziwa ntchito ndipo alibe mlandu pamudzi. Ndati ndibwere kwa inu, paja dzanja lanu amalikhulupirira."

"Pa msinkhu wanuwu, mayi, mukalimanso fodya wa anthu?"

"Nanga pali pena? Mtsikana wamkuluyo wakula, adzandithandiza kusoka fodya."

Apo mpata udalipobe. Nyumba ya boma idali itapita, koma kachigawo ka chulu kadalipo, mitengo ndi udzu zidalipo, ndipo anthu a ku mpingo akadathandiza kuphoma. Ndidaganiza zimenezo nditakhala pampando, mayiwo akudikira pansi. Kenaka ndidalowa m'nyumba kukatenga pepala.

Ndidalemba kuti ndawadziwa kwa zaka zambiri, kuti ndi olimbikira, osaba, odziwa fodya kuyambira kunazale mpaka pomanga mabelo opita kumsika, ndipo kuti akhala pakati pathu mwamtendere. Mawu onse adali oona ndipo adabwera okha. Ndidasaina. Ndidakwera njinga ndekha kupita kwa amfumu, adadinda osafunsa funso, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndidali nditabwerako.

Mayiwo adailandira kalatayo ndi manja awiri, naikulunga m'pepala la pulasitiki, naimanga pansonga ya chitenje.

"Mwatisunga, akalaliki. Ena sakadatilola ngakhale chigafacho. Mulungu akudalitseni."

Ndidayankha kuti zikomo, muyende bwino. Adasenza mtolo, atsikana atanyamula poto ndi mphasa, n'kulowera njira ya kumsewu. Anthu aganyu adandifunsa ngati angamasule masaka aja, chifukwa fodya wa dzulo adali ataunjikana pansi ndipo akadayamba kupsa. Ndidati masulani. Pofika masana mbali imeneyo idali itadzaza masamba.