Kakhomo ka Nkhuni

Fungo la mkungudza wopala kumene limandibwezera ku Limbe, chilimwe chimene abambo anamaliza kumanga hotela ya azungu pafupi ndi njanji. Limbe nthawi imeneyo kanali katauni ka fumbi, masitolo angapo a amwenye ndi sitima yolira patali. Masana ndinkawapititsira mbatata yootcha, n'kuwapeza ali mbuu ndi laimu, zikhatho zitachita ming'alu.

Nyumbayo inali yokongola, sindinganame. Khonde linazungulira kumaso ndi m'mbali, mizati yake ya njerwa zofiira itakumana pamwamba mopindika ngati uta. Mawindo anali aatali kuposa munthu, denga lamalata lotsetsereka, ndipo masitepe akumaso anali otambalala moti banja lonse likanakwera litagwirana manja. Masitepewo abambo ankawanyadira kwambiri. Kuseri, pafupi ndi khitchini, kapitawo anawauza kuti asiye kakhomo kakafupi, kothina. Anakamanga akuseka, ati n'kolowetsera nkhuni.

Kwathu ku Chirimba nyumba ikatha, mmisiri ndiye ankayamba kulowamo, kumwa thobwa ndi kuthokozedwa. Choncho tsiku lotsegulira hotela abambo anavala jekete lobwereka, n'kutitenga ine ndi amayi, omwe anali atawalonjeza kuti akaponda masitepe awo. Tinanyamuka wapansi m'mamawa, mame akadalipo.

Titafika, abambo anavula chipewa m'munsi mwa masitepe.

"Odi kuno," anatero.

Pakhonde azungu ankamwa tiyi, ndipo palibe anacheuka. Abambo anaodiranso. Mlonda, yemwe ankadya nawo mbatata yathu ija, anatsika mothamanga.

"Achimwene, apa sitipondapo ife," ananong'ona. "Ngati muli ndi mawu, zungulirani kuseri."

Tinazungulira. Abambo anali munthu wamtali. Pakakhomo paja anawerama mpaka jekete la eni ake linang'ambika kumsana, amayi akuona. Amayi anakana kulowa, anangoima padzuwa pafupi ndi mulu wa nkhuni. Kuyambira tsiku limenelo abambo sanatchulenso masitepe aja mpaka kumwalira.

Ine ndinkaganiza kuti abambo analakwitsa muyeso wa kakhomo kaja, ndipo ndinkachita nawo manyazi. Ndinadzazindikira nditakula kuti muyeso sunalakwike: anauyeza ndi ena, ndipo ankayezera ife. Pano boma linaletsa kugumula ngakhale njerwa imodzi ya hotelayo, ati ndi mbiri ya dziko. Zimandiwawa mpaka lero. Kakhomo kaja nakonso amakasamala bwino, chaka chilichonse amakapaka penti.