Mchira wa Buku Unali kwa Che Saidi

Ndikamva fungo la nsalu yopserera ndi simbi ya makala, ndimabwerera pakhonde pa Che Bwanali, telala amene tinayandikana naye nyumba ku Mangochi boma, pomwe makina osokera ankalira tsiku lonse ngati ali pa mlandu, tizidutswa ta nsalu tikuuluka ndi mphepo yotentha, akabaza akuliza mabelu mumsewu, mwini khondelo atakhala pampando wa miyendo itatu ndi theka, phazi likupalasa makina koma maso ali pabuku. Inde, pabuku. Nsalu ankaiyang'ana mwa apo ndi apo, monga umamuyang'anira mlendo amene wakhalitsa. Anthu amati ndimakokomeza, koma wallahi ndinaona ndi maso angawa buluku la aphunzitsi ena litatuluka ndi matumba asanu, chifukwa m'buku munabuka ndewu ndipo phazi linakana kuima.

Ine ndinali kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi, dzina langa Mariamu, koma iwo ankanditcha Abiti Jafali ngati ndine mayi wa ana asanu ndi mmodzi. Ndinayamba kupita pakhondepo kukatola tizidutswa tosokera zidole. Zidolezo mpaka lero zili maliseche.

Che Bwanali anali ndi anzawo awiri owerenga nawo. Woyamba anali Che Saidi, mlimi wa fodya wa ku Namwera, munthu wamtali wolankhula mochepa ngati mawu amachita kugula. Wachiwiri anali a Filipo, Mkhristu, amene ankachapa nsalu zapabedi pa hotela ina ku Makokola, manja awo atayera ndi sopo mpaka m'zigongono. Ankakumana Lachisanu lililonse masana. A Filipo ankafika msanga n'kulondera makina mpaka anzawo atatuluka mumzikiti.

Buku silinkalowa pakhondepo lopanda mboni. Wobwera nalo ankayenera kunena amene walitama.

"Mwaliwerenga, a Filipo?"

"Ine ayi. Koma mnzanga wa kukhitchini wati n'lokoma."

"Iyeyo waliwerenga?"

"Mlamu wake ndiye anawerenga."

"Umboni wakwana," ankatero Che Bwanali.

Tsono vuto linali lakuti anthu ndi atatu, buku ndi limodzi, ndipo wofuna kudikira mnzake panalibe. Ndiye Che Bwanali ankatenga lezala, n'kunena bismillah, n'kulicheka bukulo pamsana zigawo zitatu ngati chambo: mutu, pakati, mchira. Chigawo chilichonse ankachisokera chikuto cha nsalu yotsala. Mwaulemu wa pakhomo, mutu unkapita kwa wochokera kutali, Che Saidi. A Filipo ankatenga pakati. Mwini nyumba ankatsala ndi mchira. Lachisanu lotsatira ankasinthana. Ankacheka chilichonse chimene mnzawo watama: nkhani zachikondi, za apolisi, mbiri za anthu, ngakhale mabuku a zaulimi. Lamulo linali limodzi lokha. Wonena zimene zili m'chigawo chake sankamwa tiyi.

Motero kwa zaka zambirimbiri Che Bwanali ankadziwa amene wafa asanadziwe amene wabadwa. Tsiku lina ndinawapeza akupukuta misozi ndi malaya a kasitomala.

"Wamwalira, Abiti Jafali."

"Ndani?"

"Sindikumudziwa. Ndikumana naye sabata yamawa."

A Filipo nawo, poyambira pakati, sankadziwa kumene anthu achokera kapena kumene akupita. Ukawafunsa kuti buku likuyenda bwanji ankangoti, "Akuyenda ndithu anthu aja." Ine ndinaphunzira kukonda mabuku m'manja mwa anthu amenewa, chifukwa chigawo chikagona padengu la ulusi ndinkachitola, chikhale mchira chikhale pakati. Mpaka ndikulowa sekondale ndinkayesa kuti nkhani zonse zimayamba ndi maliro, ukwati n'kubwera pambuyo. Aphunzitsi a Chichewa anaitanitsa mayi anga kawiri. Mukawafunse, alipo.

Chaka chimene ndikufuna kunenacho, Che Bwanali anayamba ng'ala. Poyamba ankaphonya bowo la singano, kenako anayamba kupereka moni kwa mbuzi. Buku ankaligwira pafupi ndi mphuno moti ukanati akulinunkhiza. Ndipo panali china chimene aliyense m'dera lathu ankachidziwa koma sankachitchula pakhondepo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yusufu, anali atapita ku Joni monga amapitira anyamata ambiri akwathu. Zaka ziwiri zoyamba ankaimba foni. Chaka chachitatu nambala inasiya kulowa. Che Bwanali ankaiyesabe m'mawa uliwonse asanatsegule makina, n'kumvetsera mayi wa mufoni akunena kuti munthuyo sakupezeka, n'kumuyankha mwaulemu kuti, "Zikomo, mayi."

Ndi nthawi imeneyo a Filipo anabwera ndi buku lonenepa, lakutha m'makona.

"Ili ndiye musaliphonye," anatero. "Mnzanga wa pageti akuti mkazi wake analira mpaka ndiwo zinapserera. Akuti ndi la munthu wopita ku Joni."

A Filipo anazindikira mochedwa zimene anena, n'kuyamba kufunafuna chinthu m'thumba mopanda kanthu.

Che Bwanali anacheka bukulo monga mwa masiku onse, n'kulisokera zikuto za chitenje chobiriwira chotsala pa yunifolomu ya ukwati wina. Chitenjecho chinatsala chambiri, ndipo mabuku onse a chaka chimenecho anavala chomwecho ngati akwaya. Atamaliza sanapereke mutu kwa mlendo.

"Che Saidi, mundikhululukire. Ulendo uno mutu ndi wanga. Masowa atsala pang'ono kutseka sitolo. Ndikufuna buku limodzi ndiliyambe poyambira, ndilimalize pothera, ngati munthu. Ndione ngati wopitayo amabwera."

Che Saidi, koyamba m'moyo wawo, anayambira kumchira. Anaulandira, n'kuuika m'thumba la mkanjo.

Sabata imeneyo makina anapuma. Che Bwanali ankawerenga okha tsamba limodzi, misozi ya ng'ala ikuyenderera, kenako n'kundipatsa ine kuti ndipitirize mokweza. Inali nkhani ya mnyamata wosiya mkazi ndi bambo wake wokalamba, n'kukwera basi kupita kumigodi. Makalata ankabwera, kenako anachepa. Lachisanu a Filipo anatipatsa pakati, iwo n'kutenga mutu. Che Saidi anati mchira sanaumalize, fodya wawatangwanitsa. M'chigawo chapakati makalata anasiyiratu. Mkazi uja ankapita ku positi ofesi Lolemba lililonse. Tsamba lomaliza linathera pomwe munthu wina akugogoda pachitseko, mkaziyo n'kudzuka kukatsegula. Panathera pomwepo. Lezala inadutsa pakati pa chitseko ndi wogogoda.

Lachisanu lachitatu Che Saidi anatulutsa chigawo chobiriwira, n'kuchiika pamakina, n'kunena kuti akuthamangira matola. Tiyi sanamwe.

Asanafike n'komwe pamsewu, Che Bwanali anali atandikhazika pansi. "Werengani, Abiti Jafali. Atsegule chitsekocho."

Ndinatsegula. Ndinakonza kukhosi. Ndinawerenga kuti khola labwino liyenera kukhala lolowa mphepo, ndipo pansi pake pazikhala pouma.

"Khola?"

"Alemba choncho."

"Pitirizani. Mwina wogogoda uja wadzera kukhola."

Ndinapitiriza. Panabwera za madeya, za chitopa, za kusiyanitsa anapiye ndi zazikulu. Che Bwanali anatsamira khoma, nkhope itakwinyika ngati nsalu yosasita.

"Ndamva tsopano," anatero patapita nthawi. "Mkazi uja watopa n'kudikira. Wayamba bizinesi ya nkhuku. Wanzeru mwana ameneyu."

"Koma dzina lake silikutchulidwa."

"Wolemba wabwino sabwerezabwereza dzina."

Wallahi, masiku atatu tinamufunafuna mnyamata wa ku Joni m'kati mwa nkhuku. Pamene buku linati tambala mmodzi akwanira misoti khumi, Che Bwanali anandiimitsa n'kufunsa ngati pamenepo wolemba akutanthauza kuti mnyamatayo wakwatira kwina. Pamene linati nkhuku yodwala ipatulidwe, anagwira pamtima. Ine ndinali nditasokonezeka kale mwachibadwa, koma sabata imeneyo ndinkalota mkazi uja akuikira mazira ku positi ofesi. Tsiku lachitatu ndinayang'ana manambala a masamba. Chigawo chapakati chinathera pa tsamba la kutali ndithu, koma mchirawu unayambira m'mbuyo mwake, zilembo zakenso zazikulu. Ndinawauza. Iwo anati, "Tsekani. Tidikire Lachisanu."

Lachisanu litafika, tiyi anathiridwa koma palibe anagwira kapu.

"Che Saidi," anatero Che Bwanali, "mwandipatsa nkhuku."

"Zikuto n'zofanana, achimwene. Munasoka ndinu."

"Chabwino. Mchira weniweni uli kuti?"

"Mlamu wanga anapita nawo kutsidya, ku Mozambiki."

"Abwera liti?"

"Mvula ikatha. Kapena ikayamba. Sananene bwino."

A Filipo ankayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofika pa mlandu wa eni. Che Bwanali anavula magalasi, n'kuwaika pamakina. Maso awo anali ngati madzi otsukira mpunga.

"Mvula ikamatha ine ndidzakhala ndisakuona ngakhale dzanja langali. Lamulo lija ndinaika ndine, ndipo lero ndikulichotsa ndine. Munawerenga. Ndiuzeni. Anagogoda ndani?"

Che Saidi anayang'ana kumsewu. Munthu amene chiganizo chake chachitali chinali moni anayamba kulankhula ngati wayilesi.

"Anali mwana wa a neba, kudzanena kuti athamangire kudepoti. Anapita onse, mkazi ndi mdala uja. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako basi inalowa, fumbi lokhalokha, katundu pamwamba mpaka kukhudza mawaya. Anatsika anthu, anatsika anthu. Womaliza anali iyeyo, ndi chikwama cha mizeremizere."

"Wanenepa?"

"Waonda. Dzino limodzi palibe. Koma ndi iyeyo."

"Nanga bwanji sankaimba foni?"

Ine ndinatsegula pakamwa, chifukwa m'buku lonselo munali makalata okhaokha. A Filipo anandiposa liwiro.

"Kodi munali foni m'bukumo?"

"Munali," anatero Che Saidi, osaphethira. "Kumchira. Anamubera."

"Ndinadziwa," anatero Che Bwanali. "Kumeneko amaba mafoni."

"Nanga nkhuku zija?" anafunsanso a Filipo, amene tsopano anali atatayika kotheratu.

"Anamuphera imodzi."

Che Bwanali anaseka mpaka kutsokomola, n'kupukuta m'maso ndi diresi la mwini, kenako anakankhira kapu kwa mnzawo. "Imwani tiyi, Che Saidi. Mwaswa lamulo koma imwani." Ine ndinapita kwathu ndisakudziwa ngati nkhukuzo zinali za buku lino kapena lina, ndipo mayi atandifunsa chimene chandivuta ndinangoti mutu.

Mlamu uja sanabwere nawo mchira, mvula itatha ngakhale itayambanso. Maso a Che Bwanali anatseka chaka chotsatira. Ankakhalabe pakhonde, ine ndikuwawerengera zimene anzawo atama, ndipo basi yaikulu ikamadutsa ankakweza dzanja kuti ndiyambe ndaima. Anamwalira ndili fomu 2. Yusufu anafika pa sadaka ya masiku makumi anayi, pa basi, ataonda, ndi chikwama cha mizeremizere. Mano anali onse. Ndinachita kuwawerenga.

Patapita zaka, ndikugwira ntchito ku Zomba, ndinalipeza buku lija pansi pa mtengo, pakati pa mabuku akale ogulitsa, lathunthu, msana wake wosachekedwa. Ndinaliwerenga chiimire, wogulitsa akundiyang'ana moipa. Wogogoda uja anali munthu wa kumigodi, atanyamula kalata ya uthenga wa maliro ndi wotchi ya mnyamata uja. Mulibe depoti. Mulibe basi. Ndinabwereza kawiri kuopa kuti mwina masamba amatirirana.

Ndinakwera nalo mpaka ku Namwera. Che Saidi anali atakalamba kwambiri, atakhala pamkeka pafupi ndi chigafa cha fodya. Ndinawawerengera tsamba lomaliza lonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Limenelo analisindikiza molakwika." Kenako anafunsa ngati ndadya.

Mpaka lero sindidziwa amene ananama. Buku linati wopita sabwera, Che Saidi anati amabwera, ndipo Yusufu anabwera koma bambo ake sanamuone. Ndayesa kuziika m'ndondomeko, zimakana.

Kuwerenga ndiye sindinasiye. Mnzanga akangoti ili n'lokoma, ndimalitenga, ngakhale iye sanalitsegule. Ndawerenga mabuku abwino, ndawerenga ena oti wolemba wake ayenera kupepesa pagulu, ndipo onse ndimawamaliza. Anzanga akuntchito amadziwa zimenezi, ndiye aulesi amabwera kudzafunsa kuti, "Mariamu, tangondiuza, zikutha bwanji?" Ine sindifulumira. Ndimayamba ndamuyang'ana munthuyo kumaso, n'kumufunsa za kwawo, za ana, za amene ali kutali. Akati onse alipo, ndimamuuza zimene zalembedwa. Akati pali wina amene nambala yake inasiya kulowa, ndimakonza kukhosi, ndimati wallahi, ndipo basi imalowa m'depoti.