Nyale ya a Nangozo

Ndikukumbukira ndili mu Sitandade 4, bambo anga ankajambula anthu zithunzi. Ankayenda pa njinga kuchokera kwathu ku Lisungwi, kamera ili pakhosi. Inali kamera ya filimu, ndipo filimu ikatha, ina mpaka munthu apite ku Blantyre.

Anali ndi khalidwe lomwe amayi ankaliseka: chithunzi chomaliza pa filimu ankasungira nyale. Akalowa m'nyumba ya munthu, maso awo ankathamangira pa koloboyi, nyale ija ya parafini yopanda galasi.

Loweruka lina ananditenga popita ku Chifunga. Ndinavala diresi langa latsopano lachikasu, nditadziuza ndekha kuti chomaliza cha lero n'changa basi.

Tinafika kwa mayi wina wamasiye, a Nangozo, amene ankafuna chithunzi cha mwana wawo. Mnyamatayo anavala jekete la aphunzitsi, wailesi yobwereka ili kukhwapa. Atamujambula, bambo anaona nyale pawindo, n'kupempha kuti aijambule.

"Kachitini aka?" a Nangozo anaseka, dzanja lili pakamwa. "Musandichititse manyazi, inu."

Anali ataipanga okha. Botolo linali la mankhwala a chifuwa, chingwe chinadutsa mu valavu ya njinga, ndipo anavindikira ndi chitini chimene anachiboola ndi msomali, timabowo tikuzungulira ngati maluwa. Ataiyatsa m'chipinda mwawo mwamdima, timadontho ta kuwala tinamwazika khoma lonse. Ngakhale ine, mlomo uli wotupa, ndinayasama. Bambo anagwada pansi, kamera inalira, filimu inatha. Ndinalira nanenso, ndipo ndinalira zenizeni.

Pobwerera, ndili pa kaliyala, bambo anati, "Diresi tinakugulira ife. Jekete lija n'la aphunzitsi. Nanga nyale ija anabwereka kwa yani?"



Lero m'midzi mwadzaza matochi ndi nyale za sola, zonse nkhope imodzi. Ndikakumana ndi nyale yopangidwa ndi manja ndimaima, kupempha kaye, kenako n'kujambula pa foni, anzanga akundiseka. Chithunzi cha diresi lija ndilibe, ndipo sindidandaula. Ndinadzamvetsa mochedwa kuti bambo sankatengeka ndi zitini. Ankatengeka ndi nzeru zimene eni ake ankachita nazo manyazi. Tsiku lija mayi wamasiye anaona mlendo atagwadira ntchito ya manja ake.